Malaya a baseball otsegula kutsogolo: ntchito imodzi pa makina apakhomo

Malaya amene ndikufotokoza pano ndi aja a mtundu wa baseball, masewera omenya kampira ndi ndodo: otsegula kutsogolo ndi mabatani, opanda kolala, m'munsi modula mokhota, mikono yaifupi yolumikizidwa mopendekeka kuchokera m'khwapa mpaka m'khosi, kasokedwe kamene timati raglan. Mwini wake anafuna thunthu loyera, mikono yabuluu wodera, kamzere kabuluu kochokera m'munsi, kukwera pachifuwa, kuzungulira kuseri kwa khosi n'kutsikira mbali inayo, komanso nambala kumsana. Ndi mnyamata wamtali, wa mapewa otambalala ndi owongoka, pachifuwa masentimita 104. Zida zanga ndi zimene aliyense wosoka pakhomo angakhale nazo: makina okhala ndi msoko wowongoka ndi wa zigizagi, opanda ovaloko (makina osoka ndi kudula m'mphepete mwa nsalu), simbi, tepi, choko, mapini ndi pepala lodulira patani.

Ukawaona pachithunzi malayawa umati apa palibe ntchito. Kolala palibe, makafu palibe, mkono woti uvutike kuulowetsa paphewa palibe. Komatu ntchito yonse yabisala pa mzere umodzi, uja wam'mphepete woyambira pansi kumanja, kuzungulira khosi, kukathera pansi kumanzere. Pamenepo nsalu yotanuka iyenera kuletsedwa kutanuka, pomwe m'khwapa ndi m'mapewa nsalu yomweyo iyenera kusiyidwa kuti izitanuka momasuka. Amene wadziwa poletsa ndi polekerera, malayawa amamumvera.

Chifukwa chake chili m'mbiri ya malayawo. Timu ya Knickerbockers ya ku New York itayamba kuvala yunifomu mu 1849, malaya ake anali a flannel yoyera, ndipo kwa zaka zoposa 100 osewera baseball ankavala flannel, nsalu yowomba, yosatanuka. Mzere wa mabatani ndi timizere tokongoletsera zinakhazikika pa nsalu yoteroyo. Mu 1970 a Pittsburgh Pirates anabwera ndi malaya a nsalu yoluka, yotanuka, ongolowetsa mutu opanda mabatani, ndipo matimu ambiri anatengera. M'kupita kwa zaka mabatani anabwerera, koma nsalu yoluka ija inakhaliratu. Ndiye lero tikamasoka malayawa, timauza nsalu yoluka kuti isunge maonekedwe amene anapangidwira nsalu yowomba. Payokha siingathe. Iyenera kuthandizidwa.

Nsalu imene anabwera nayo

Mnyamatayo anafika atagula kale zonse: jersey ya thonje yopyapyala, yonga ya matisheti wamba, yoyera ndi yabuluu, ndi riboni wonyezimira wa mamilimita 12 m'lifupi. Ndisananene kanthu ndinadulako kachidutswa. M'mphepete munapiringizika nthawi yomweyo, ndipo kupiringizikako ndi chizindikiro cha jersey yoluka mbali imodzi. Kenako ndinaika mapini awiri motalikirana masentimita 10, chopingasa nsalu, n'kukoka pa tepi. Inafika 15 mosavuta. Nditasiya, sinabwerere pa 10, inaima pafupi ndi 11. Kutanuka kotere si vuto. Vuto ndi kusabwererako. Nsalu yosabwerera, ukaipachika mabatani asanu ndi limodzi, facing (nsalu yam'kati yolimbitsa m'mphepete) ndi kamzere, imalemedwa n'kumatalika pang'onopang'ono, ndipo pakati pa batani ndi batani pamayasama.

"Achimwene, nsaluyi ndi yabwino, koma si ya malaya a mabatani."

"Nanga amayi, ndiye kuti ndaononga ndalama?"

"Ayi, siitayika. Tisokera ena ongolowetsa mutu, a mikono yopitirira chigongono, aja osewera amavalira m'kati. Amenewo ndi amene atiuze ngati patani ikukukwanani."

Anavomera, ndipo pa malaya enieniwo tinasankha interlock ya polyester yosakaniza ndi thonje, yokhuthalako. Interlock imaoneka chimodzimodzi mbali zonse ziwiri, ukaidula imagona thyathyathya osapiringizika, ndipo yathuyi inkachoka pa 10 kufika 12 ndi theka n'kubwereranso pa 10. Kwa wosoka wopanda ovaloko, nsalu yoluka ili ndi ubwino winanso: siyoyoka ulusi m'mphepete ngati yowomba, choncho misoko yam'kati siifuna zambiri.

Nsalu zonse ndinazichapa ndisanadule, yoyera payokha, yabuluu payokha. Thonje limafupika likachapidwa koyamba, ndipo mitundu iwiri ikafupika mosiyana itasokedwa kale, msoko wa raglan umachita makwinya osatheka kusita. Utoto ndinauyesa motere: kachidutswa kabuluu konyowa, pamwamba pake kachidutswa koyera, n'kupanikiza ndi simbi yofunda. Koyera kaja kakatuluka ndi mthunzi wabuluu, nsalu iyenera kuchapidwanso mpaka madzi ayere, apo ayi isiyidwe. Jersey ya thonje ija inafuna kuchapidwanso. Interlock inatuluka yoyera.

Patani ndi nkhani ya mapewa

Patani ndinaitenga pa tisheti yake yomwe imamukhala bwino, n'kuwonjezera kuti pachifuwa pakwane masentimita 118, kutanthauza 14 pamwamba pa thupi. Malaya a baseball savalidwa mothina. Kutalika kuchokera kuseri kwa khosi ndinaika 78, kutsogolo kufupikirako pang'ono.

Kusandutsa mkono wamba kukhala raglan n'kosavuta kufotokoza. Pa chidutswa chakutsogolo umalemba kadontho m'khosi, masentimita atatu kutsika kuchokera pa msoko wa phewa, kena pa bowo la mkono chakumunsi pafupi ndi khwapa, n'kulumikiza ndi mzere wokhota pang'ono. Kumbuyo chimodzimodzi. Tizidutswa tiwiri ta phewa timeneti umatidula n'kukatimata pamutu pa patani ya mkono. Ukatero pakati pa tiwirito pamatsala kampata kooneka ngati V, ndipo nkhani ya malaya athu inagona pa kampata kameneka.

Mapatani ambiri a matisheti a raglan amangotseka kampatako n'kupanga mkono wa chidutswa chimodzi chosalala, poganiza kuti nsalu idzatanuka yokha paphewa. Pa malaya oyesera aja ndinachita zomwezo, poti jersey yopyapyala imalola. Atavala, zinkaoneka kuti zili bwino, koma ndinaona timizere tiwiri titatu tochokera pansonga ya phewa kulunjika kukhosi, ndipo m'mbali mwa khosi nsalu inkadzuka pang'ono osagona pathupi. Pa jersey zimenezi munthu sangazione n'komwe. Pa interlock yosatanuka kwambiri zikanakula. Thupi la munthu limachoka m'khosi n'kuyenda chopingasa mpaka pansonga ya phewa, kenako n'kukhotera pansi mwadzidzidzi. Mkono wopanda kampata kaja umatsetsereka mzere umodzi wowongoka, sudziwa za kukhotako. Munthu wa mapewa otsetsereka sizimuvuta. Wa mapewa owongoka ngati uyu, nsonga ya phewa imakankhira nsalu m'mwamba, khosi n'kuyasama.

Ndinamuimika, n'kutsina nsalu yotsala pamwamba pa phewa kuyambira m'khosi, n'kubaya mapini mpaka inagona. M'khosi inakwana masentimita atatu, n'kumachepa mpaka kutheratu pansonga ya phewa, mtunda wa masentimita 13. Pa patani ya malaya enieni ndinabwezeretsa kampata kaja ngati dati, kamsoko kotsina nsalu kooneka ngati V, n'kuwonjezera sentimita imodzi m'lifupi mwa mkono pamalo a nsonga ya phewa, kuti nsalu yochotsedwa m'khosi isakasowe paphewa. Dati imeneyi iyenera kukhala yokhota potsatira phewa, ndipo nsonga yake ithe pang'onopang'ono. Ikathera mwadzidzidzi imasiya kachotupa pamwamba pa mkono. Ena amadana ndi dati pa malaya amasewera, amati imawachititsa kuoneka ngati jekete. Ine ndimaona kuti pa nsalu yodera siioneka, ndipo khosi logona bwino ndi lofunika kuposa phewa lopanda msoko, makamaka pa malaya amene kamzere kake kadzadutsa pomwepo n'kuonetsa poyera chilichonse chokhota.

Malaya oyesera aja ndinawamaliza ndi lamba wam'khosi wodula chopingasa nsalu. Khosi linali masentimita 52, lamba ndinadula 44, kuti pomutanula posoka akoke khosi n'kugona. Ndanena izi mongodutsa chifukwa pa malaya a mabatani lamulo lake ndi losiyana kotheratu: mutu sudutsa pakhosi, ndiye palibe chifukwa choti khosi litanuke.

Chinthu china chaching'ono chimene chimasokoneza ambiri: mkono wa raglan uli ndi kutsogolo ndi kumbuyo. Mbali yakumbuyo imakhala yotalikirapo chifukwa khosi lakumbuyo ndi lokwera. Ukangodula, lemba ndi choko kuseri kwa nsalu, chizindikiro chimodzi kutsogolo, ziwiri kumbuyo. Pa interlock, yomwe mbali zake zimafanana, lembanso kuti kuseri ndi kuti, apo ayi udzapezeka uli ndi mikono iwiri ya dzanja limodzi.

Mzere wam'mphepete

Kutsogolo ndinawonjezera masentimita awiri kupitirira mzere wapakati mbali iliyonse, malo a mabatani a mamilimita 15. Khosi ndinalitsitsa mokhota kuti likakumane ndi mzere wa mabatani popanda ngodya.

Facing, nsalu yam'kati yotsatira m'mphepete monsemo, ndinaijambula nditalumikiza mapepala a patani: chakutsogolo, mkono wotsekedwa dati, ndi chakumbuyo, zitagundizana pa mizere ya misoko. Potero facing imatuluka yopanda misoko ya raglan, imangolumikizidwa pamwamba pa phewa. Mukanati mutengere chidutswa chilichonse pachokha, pakhosi pakanaunjikana misoko pamwamba pa misoko, ndipo makina apakhomo amatsamwa pamalo otere. M'lifupi mwake ndinaika masentimita 6 ndi theka.

Facing yonse ndinaimata sitifu, kansalu kolimbitsira komata ndi simbi. Ndinasankha yofewa, ija yoluka yopangira nsalu zotanuka. Sitifu yoteroyo imatanuka mbali imodzi kwambiri, mbali ina pang'ono, ndipo mbali yosatanukayo ndi imene iyenera kuyenda m'litali mwa mzere wa mabatani. Sitifu yokhuthala ya kolala ya shati siyenera pano. Imaumitsa kutsogolo, thunthu lofewa n'kumalendewera m'mbali mwake, ndipo ikachapidwa imatukusira matuza. Pomata, simbi isayendetsedwe. Ikani kansalu ka thonje pamwamba, panikizani, nyamulani, panikizani pena. Polyester siifuna moto wambiri: imanyezimira, imatha kusungunuka, ndiponso utoto wake wodera ukatenthedwa kwambiri umatha kusamukira pa nsalu yoyera yoyandikana nayo.

Pamene ndinalumikiza mikono ndi thunthu, ndinayeza gawo lopendekeka la khosi, kuchokera pa msoko wa raglan kufika pa malo a batani loyamba. Pa pepala linali masentimita 19. Pa nsalu linali 20 ndi theka. Palibe amene analikoka. Kungonyamula, kutembenuza ndi kuyala kunakwana. Gawo limeneli limadulidwa mopendekeka, ndipo ndi lofooka kuposa lina lililonse pa malaya. Ndinaliyala pa patani, n'kulipatsa nthunzi simbi ili m'mwamba osakhudza, n'kumalisisita ndi zala kubwezera m'kati mpaka linagwirizana ndi pepala, n'kulisiya lizizire pomwepo. Kenako ndinamata kamzere ka sitifu ka sentimita imodzi m'mphepete monse, kuseri. Amene akufuna kupewa ntchitoyi amate kamzereko atangomaliza kudula, nsalu isanachoke patebulo.

Apa pali mfundo imene ndimaigwiritsa mwamphamvu: facing yomatidwa sitifu ndiye muyeso, malaya ndi amene ayenera kuitsatira. Ili ngati felemu ya chitseko. Ikapindika, chitseko chabwino bwanji sichitsekeka. Ukaona kuti malaya atalika kuposa facing, usakoke facing kuti ifikire. Baya mapini pakati kumbuyo, pamapewa, pa batani loyamba ndi pansi, kenako gawa nsalu yotsalayo pakati pa mapiniwo. Posoka, facing ikhale pamwamba, malaya pansi pa mano a makina. Mano amakoka nsalu yapansi mofulumirirapo pang'ono kuposa yapamwamba, choncho amameza okha kotsala kaja popanda khwinya. Ukatembenuza, malaya pamwamba, kaphazi ka makina kamakankha nsalu yofewayo kutsogolo kwake, ndipo pofika pansi umapeza yatsala sentimita yathunthu.

Msoko wake ndi wowongoka, utali wa mamilimita awiri ndi theka. Ndinasoka kuchokera pakati kumbuyo kutsikira kumanja, n'kubwerera pakati kumbuyo kutsikira kumanzere, m'malo mozungulira ulendo umodzi. Ukazungulira kamodzi, mbali ina imasokedwa chokwera, ina chotsika, ndipo zimatuluka zosiyana utali, mwina ndi theka la sentimita chabe, koma pa malaya a mabatani theka limenelo limaonekera pansi pamene mbali ziwirizo zakumana. Pansi penipeni ndinasoka facing chopingasa pa mzere wa mpendero, nkhope kwa nkhope, kuti potembenuza patuluke ngodya yoyera.

Kenako kuchepetsa nsalu yotsala ya msoko, ya facing kwambiri, ya malaya pang'ono, kuti zisathere pamodzi n'kupanga mzere wotukuka. Kucheka timipata mokhota monse mosadula ulusi. N'kusokerera nsalu yotsalayo ku facing, mamilimita awiri kuchokera pa msoko. Msoko womalizawu anthu amakonda kuudumpha poti suoneka. Ndi umene umaletsa facing kusuzumira kunja pakhosi.

Kamzere

Riboni uja anagula sanagwire ntchito, ndipo ndinamuonetsa chifukwa chake m'malo momuuza. Ndinamuyala pa patani mozungulira khosi. Pamalo owongoka anagona bwino, koma pokhota mbali yam'kati inadzuka makwinya motsatizana. Riboni wowomba ali ndi mbali ziwiri zofanana utali, pomwe pokhota mbali yakunja iyenera kutalika kuposa yam'kati. Nthunzi siimusintha.

"Ndiye tichita bwanji amayi? Popanda kamzereko si baseball."

N'zoona, ndipo ndinagwirizana naye. Ndinatenga nsalu yowomba yabuluu, yopyapyala, yochapa kale, n'kudula timizere mopendekeka madigiri 45, masentimita awiri m'lifupi, n'kupinda mbali zonse ziwiri kukumana pakati. Kanatuluka kamzere ka pafupifupi mamilimita 9. Nsalu yodula mopendekeka imalola kukhota. Ndinakakhotetseratu ndi nthunzi pa pepala la patani kasanafike pa malaya, kotero kuti pokaika kanali kataphunzira kale njira.

Malo ake pamafunika masamu pang'ono. Malaya a amuna amatseka kumanzere pamwamba pa kumanja. Mbali yapamwamba imapitirira pakati ndi masentimita awiri, ndiye imaphimba masentimita anayi a mbali yapansi kuyambira m'mphepete mwake. Kamzere kakaikidwa pafupi kuposa pamenepo, kakumanja kamabisika malaya akamangidwa, n'kutsala kamodzi. Ine ndinakaika masentimita asanu kuchokera m'mphepete, kotero timizere tonse tiwiri timaoneka, kalikonse masentimita atatu kuchokera pakati. Pamalo amenewa misoko yake iwiri imagwiranso facing m'kati, ndiye sipafunikanso msoko wina woigwira.

Ndinajambula njira ndi choko, n'kusokerera ndi manja misoko italiitali, chifukwa mapini amasuntha kamzere kopapatiza chotere. Pa makina ndinayamba ndi mbali yam'kati mwa kukhota, yofupikayo. Ukayamba ndi yakunja, yam'kati imatsala ndi nsalu yopanda kopita. Ukayamba ndi yam'kati, yakunja imatanuka yokha n'kugona. Misoko yonse iwiri iyende njira imodzi. Wina ukakwera wina n'kutsika, kamzere kamachita timakwinya topendekeka ngati kapotoka. Ulusi wapamwamba wabuluu, wam'bobini woyera, kuti m'kati musaoneke mizere. Pamene kamzere kakuwoloka msoko wa raglan ndi dati, ndinapinda kachidutswa ka nsalu n'kukaika kumbuyo pansi pa kaphazi kuti kakhale kolingana pokwera chitundacho, n'kuyendetsa makina ndi dzanja misoko ingapo.

Kumapeto kwa mikono ndinasoka kamzere koyera mikono idakali yotambasula, mbali zisanatsekedwe. Pamenepa kamzere kamaletsa kutanuka, choncho ndinamuyeza mkono atakunga minofu n'kusiya mpata wa masentimita asanu ndi limodzi.

Singano ndi misoko yotanuka

Pa zidutswa zoyesera, singano wamba inkadumpha misoko pa interlock, makamaka pa zigizagi. Nsalu yoluka imakakamira singano n'kukwera nayo pamene ikutuluka, ndiye kalupu ka ulusi kamene mbedza yapansi iyenera kukola sikapangika bwino. Singano yosongoka kwambiri imathanso kudula ulusi wa nsalu, ndipo timabowo take timaonekera malaya atachapidwa kangapo. Singano yobuntha nsonga ya nsalu zoluka, nambala 75/11, inathetsa zonse ziwiri. Pamalo okhuthala ndinagwiritsa 80/12. Ulusi ndi wa polyester, chifukwa umalolera pang'ono usanaduke.

Misoko ya raglan, ya m'mbali ndi ya pansi pa mikono ndinasoka zigizagi yopapatiza, theka la milimita mpaka imodzi m'lifupi, utali awiri ndi theka. Kunja imaoneka ngati msoko wowongoka, koma ukakoka imatsatira nsalu. Kuyesa kwake n'kumodzi: soka pa chidutswa, koka mwamphamvu, mvetsera. Ukamva ulusi ukuduka, wonjezera m'lifupi kapena fupikitsa utali. M'khwapa, pamene misoko inayi yakumana, ndinabwereza msoko masentimita asanu mbali iliyonse, poti munthu akakweza dzanja mphamvu yonse imathera pamenepo. M'mphepete mwa misoko ndinadutsamo zigizagi yotambalala n'kudula zotsala. Poyambira msoko, makina amakonda kumeza nsalu yofewa m'kabowo ka singano. Kapepala kopyapyala pansi pa nsalu kamaletsa zimenezo, ndipo kamang'ambika mosavuta pomaliza.

Amene makina ake ali ndi msoko wowongoka wokha asataye mtima. Theka la malayawa limafuna msoko wowongoka kale. Pa misoko yotsalayo, atanule nsalu pang'ono ndi manja onse awiri, kutsogolo ndi kumbuyo kwa singano, osaikoka kuti iyende, ndipo asoke mizere iwiri yoyandikana. Pa interlock ya malaya otakasuka chotere zimagwira. Pa khosi la tisheti yolowetsa mutu sizigwira.

Mpendero, mabowo ndi nambala

Nambala ndinaisoka poyambirira penipeni, chidutswa chakumbuyo chisanalumikizidwe ndi china chilichonse. Manambala kumsana anakhazikika mu baseball kuyambira 1929, pamene New York Yankees ndi Cleveland Indians anayamba kuwavala nthawi zonse, ndipo mpaka pano nambala yosokerera ndi imene imapatsa malayawa ulemu wake kuposa yodinda. Yathu inali ya nsalu yowomba yolimba, masentimita 20 m'litali, yomatidwa kaye kuti isasunthe, kenako zigizagi yothithikana m'mphepete, pepala pansi pa malaya. Popanda pepalalo zigizagi yothithikana imatanula nsalu yoluka, nambala n'kutukuka pakati.

Mpendero wokhota ndinaupinda mbali zisanasokedwe, chifukwa pamene kutsogolo ndi kumbuyo zakumana m'mbali pamakhota kwambiri. Pa chidutswa choyesera unatuluka ndi mafunde. Mpendero umayenda chopingasa nsalu, komwe imatanuka kwambiri, ndipo kaphazi kakapanikiza kamaufutukula. Ndinachepetsa mphamvu ya kaphazi, kutalikitsa msoko kufika mamilimita atatu, ndi kumata kamzere kopyapyala ka sitifu m'kati mwa mpendero. Kupinda kwake sentimita imodzi ndi theka, kamodzi kokha. Singano yamapasa imapereka mizere iwiri kunja ndi zigizagi kuseri. Ikayamba kutukula kamtunda pakati pa mizereyo, masulani ulusi pang'ono.

Mabatani ndinawaika atavala. Loyamba pothera khosi, lachiwiri pafupi nalo, kenako mpata wotalikirapo pachifuwa. Malaya ambiri a osewera amatero kuti dzina la timu lidutse popanda kugundana ndi batani, ndipo mnyamatayo anati mwina adzafuna malemba mtsogolo. Ndinamuuza kuti mpatawo uli ndi mtengo wake pa munthu wa chifuwa chachikulu: ndi pomwe malaya amayasama akatambasula manja. Tinagwirizana kuika kabatani kothina kobisika pakati pa mpatawo, m'kati mwa mbali yapamwamba. Malemba akadzabwera, adzajambulidwe malaya atamangidwa, ndipo chilembo chogwera pakati chidzabwerezedwe pang'ono pa mbali yapansi kuti chisamaoneke chodukiza malaya akasuntha.

Mabowo ndi oimirira, kumanzere, pa mzere wapakati. Ndinayesa kaye pa chidutswa chokhala ndi zigawo zomwezo, nsalu, sitifu ndi facing, chifukwa bowo loyesedwa pa nsalu imodzi silikuuza kanthu. Msoko wake ndinaumasula pang'ono kuti usathithikane kwambiri, ndinaika pepala pansi, ndiponso ndinagoneka ulusi wokhuthala m'mbali zonse ziwiri kuti zigizagi iuphimbe. Ulusi umenewu umaletsa bowo kukula ndi kuvala. Potsegula, pini chopingasa kumapeto kuti chodulira chisapitirire.

Zotsatira

Atavala omaliza, khosi linagona pathupi kuzungulira konse, ndipo timizere ta paphewa tija sitinaonekenso. Ndinamupempha akweze manja, awapingase kutsogolo, atembenuze thupi ngati akumenya mpira. M'khwapa simunamveke ulusi, ndipo kutsogolo sikunayasame. Chimene sichinathe ndi mthunzi wa facing, womwe umaonekera pang'ono pa nsalu yoyera pakuwala kwambiri, pakati pa mphepete ndi kamzere. Poti m'mphepete mwa facing mwabisika pansi pa kamzere, mthunziwo umaoneka ngati lamba wopangidwa dala, ndipo mwini wake sanauone ngati chilema.

Ndinamulangiza kuchapa ndi madzi ozizira, malaya atatembenuzidwa ndi kumangidwa mabatani, ndi kuyanika pamthunzi atawagoneka kapena atawapinda pakati pa chingwe, osawapachika ndi m'munsi akadali olemera ndi madzi. Atawabweretsa kuti ndiwaone atavalidwa ndi kuchapidwa kangapo, ndinayeza mbali ziwiri zakutsogolo kuchokera pa batani loyamba kufika pansi: zonse masentimita 57, monga pa patani. Gawo lopendekeka lija linali pa 19.

Malaya oyesera a jersey yopyapyala ndi amene anasintha. Misoko ya m'mbali inapotokera kutsogolo mbali imodzi, kumbuyo mbali inayo, pafupifupi masentimita awiri pansi. Izi zimachokera ku ulusi wa nsaluyo: unapotedwa njira imodzi popanga, ndipo pa jersey yoluka mbali imodzi umafuna kumasuka ukanyowa, n'kupendeketsa mizere yonse. Interlock ili ndi zigawo ziwiri zolukana zomwe zimaletsana, n'chifukwa chake siichita zimenezi kwambiri. Kuchapa nsalu musanadule kumachepetsa kupotokaku, makamaka mukadula motsatira mizere ya nsalu monga yagonera itauma, koma pa jersey ina sikutheratu, ndipo kusita kumangowongola mpaka tsiku lochapanso.